Kalata Yotseguka kwa Pulezidenti wa FAM: Lembani Ana a Mpira a ku Phalombe

Kwa a Fleetwood Haiya,
Pulezidenti wa Football Association of Malawi,
Mpira Village, Chiwembe, Limbe.

Bwana Pulezidenti,

Ndikulemba kuchokera ku Phalombe, kuseri kwa phiri la Mulanje. M'mawa ndimagwira choko pa sukulu ina ya pulayimale, madzulo ndimagwira wezulo pa bwalo la sukulu yomweyo, pomwe ndimaphunzitsa mpira anyamata ndi atsikana osapitirira zaka 15. Kalatayi ndaiika poyera mwadala, popeza anzanga a ku Nsanje, ku Neno kapena ku Chitipa akhoza kuisainira osasinthamo liwu ndi limodzi lomwe. Pempho langa lalikulu ndi limodzi, zinazo n'zongotsatira: lembani ana athu m'kaundula wa mpira, pamodzi ndi matimu amene akuwalera.

Timu ya ana ya kuno ilibe ofesi, ilibe akaunti ku banki, nthawi zambiri ilibe ngakhale malamulo olembedwa. Ili ndi munthu mmodzi. Amakhala mphunzitsi, kapena mwini golosale pa Migowi, kapena mnyamata wa kabaza amene bondo linamulepheretsa kupitiriza mpira. Iyeyo ndiye kochi, msungichuma, dokotala wa timu ndiponso wochapa majezi. Akadwala, timu yadwala. Akasamutsidwa pa ntchito, kapena akatsikira ku Joni kukasaka maganyu, timu yathera pompo, ana n'kumwazikana.

Ndalama timazipeza ndi khasu. Loweruka m'mawa ana amakapalira m'munda mwa munthu kapena kukamenya nandolo, zomwe apatsidwa n'kusonkha kuti tigule mpira. Majezi ndi a pa kaunjika, ofanana mtundu wokha, manambala olembedwa ndi penti. Wolowa m'malo mwa mnzake amaima pa mzere kudikira kuti wotulukayo avule jezi, iye aivale ili chinyowere ndi thukuta. Mizere ya bwalo timathira phulusa. Magoli ndi mitengo ya bulugama, ndipo dzinja likafika nkhuni n'kuvuta, mtanda wa pamwamba umasowa usiku. Mpira weniweni umakhala umodzi, wosokedwa kale kwa wosoka nsapato pa msika, ndipo timausungira tsiku la masewero. Masiku ena onse ndi chikulunga cha majumbo. Ulendo wokasewera kutali ndi wa panjinga, awiriawiri, wopalasayo n'kukafika miyendo italema masewero asanayambe.

Sindikunena izi kuti mutimvere chisoni. Gabadinho Mhango, amene anaponya chigoli chija cha kutali m'goli la Morocco ku Cameroon mu Januwale 2022, kwawo ndi ku Rumphi. Tabitha ndi Temwa Chawinga kwawo ndi ku Rumphi komweko, ndipo Temwa anamwetsa zigoli 20 mu ligi ya amayi ya ku America mu 2024, zomwe panalibe amene anazichitapo mu ligi imeneyo. M'kalembera wa 2018 boma la Phalombe linapezeka ndi anthu oposa 429,000, ambiri mwa iwo ana ndi achinyamata. Wonena kuti pakati pa anthu onsewa palibe mwana wa mwendo ngati wa Gaba, iyemwini sangazikhulupirire. Kusowa nsapato mwana amapirira. Chimene chimapha luso kuno ndi mmene mipikisano yathu imayendera.

Mpira wa kumudzi umayendera bonanza. Munthu wofuna mpando wa uphungu kapena wa ukhansala amaika chikho, amagula mipira ingapo ndi majezi olembedwa dzina lake kumsana, matimu n'kukumana mwa chipulula. Milungu iwiri kapena itatu, zatha. Tsiku lomaliza kumabwera zokuzira mawu, mlendo wolemekezeka amaimirira n'kutikumbutsa kuti m'mera mpoyamba, anthu kuwomba m'manja, ndalama kugawana pa bwalo pomwepo. Chaka cha chisankho, monga 2019 ndi 2025, zikho zimachuluka mpaka matimu kusowa tsiku lopuma. Mavoti akawerengedwa, zii. Sindikunyoza opereka, pomwe palibe china, bonanza ndiye mpira wokhawo umene anthu amaonera. Koma taonani chomwe chipulula chimachita kwa kochi. Akagonja kamodzi watuluka, pomwe ndalama ya mphotho ndiyo ikanayendetsa timu chaka chonse. Ndiye amatani? Amakabwereka osewera a ganyu, anyamata a ndevu zometa m'mawa womwewo, ochokera ku matimu a akuluakulu. Mwana wa zaka 13 amene wakhala akubwera kokonzekera tsiku ndi tsiku amakhala pansi kulondera masilipasi a anzake. Akalowa n'komwe amauzidwa chinthu chimodzi: menya kutsogolo, usachedwe nawo. Mwana wochenjera, wofuna kuuimitsa mpira, kutembenuka nawo, kupatsira mnzake wapafupi, amakalipiridwa ndi bwalo lonse, kuyambira kochi mpaka agogo ogulitsa nzimbe. Pofika zaka 16 waphunzira kuuopa mpira.

Apa ndi pomwe pakulowera nkhani ya zaka. Mukukumbukira mmene dziko lathu linapitira ku mpikisano wa dziko lonse wa osapitirira zaka 17 ku Nigeria mu 2009. Ku mpikisano wa mu Africa ku Algeria chaka chomwecho, Niger inachotsedwa itapezeka kuti inaseweretsa wopitirira zaka, malo ake n'kugwera Malawi. Chaka chomwechonso FIFA inayamba kujambula mikono ya osewera ndi makina a MRI, kuona ngati mafupa a pa dzanja anamaliza kukula. Chinyengo cha ena chinatipindulira nthawi imeneyo, koma matendawa kunyumba kuno tili nawo, ndipo amayambira pansi penipeni, pa bwalo la sukulu. Wobera zaka amalanda malo a mwana weniweni, komanso amadzinamiza yekha: amawala pakati pa ana chifukwa cha thupi, osaphunzira kanthu, ndipo tsiku lokumana ndi amsinkhu wake amapezeka kuti ndi wosewera wamba.

Makina a MRI sangafike pa mpikisano wa zoni. Chomwe chingafike ndi pepala. Kuyambira 2015 lamulo limakakamiza kuti mwana aliyense wobadwa alembetsedwe ku National Registration Bureau, ndipo chitupa cha unzika, chomwe anthu analembetsa mwaunyinji mu 2017, chimaperekedwa munthu akakwanitsa zaka 16. Ana obadwa mu 2015 akwanitsa zaka 12 mu 2027. Kwa nthawi yoyamba tikhala ndi m'badwo wa osewera umene tsiku lake lobadwa lingathe kutsimikizika ndi chikalata cha boma, osati ndi pakamwa pa kochi. Amene alibe chiphaso chobadwira ali ndi kabuku ka kusikelo, ndipo dzina lake lili m'kaundula wa sukulu kuyambira tsiku lomwe analowa Sitandade 1. Chachikulu n'chakuti alembedwe msanga. Mwana wa zaka 11 kapena 12 palibe chifukwa chomunamizira zaka, popeza pa msinkhu umenewo palibe amene akumufuna. Bodza limabwera pa zaka 18 kapena 19, pamene timu ya m'tauni yamuona ndipo wina wamunong'oneza kuti achotseko zitatu. Ngati dzina lake, chithunzi chake ndi tsiku lake lobadwa zinalowa m'buku ali Sitandade 5, wonong'onezayo wachedwa.

Pali mnyamata wina amene ndinayamba naye ali wamng'ono, wamanzere, wosalankhulalankhula. Ndinkamuperekeza kunyumba kukapepesa akachedwa kukatsekera mbuzi, ndipo nsapato zake zoyamba ndinamugulira pa kaunjika pa Chiringa. Atafika Fomu 2, anthu a timu ina ya m'tauni, sindiitchula, anamuona pa bonanza. Anapita kwa mayi ake ndi shuga, sopo ndi kandalama pang'ono, Lolemba mwana anakwera minibasi. Ine ndinamvera kwa anzake. Kupitako sindikudandaula, ndimaphunzitsa ana kuti adzapite. Chondiwawa n'chakuti pamene ankamulemba kumeneko, mbiri yake ya mpira inayambira tsiku limenelo. Zaka zonse za kuno sizinalembedwe paliponse, ndipo sukulu inathera pomwepo. Ife a kumudzi tili ngati mwini nazale ya fodya: kuthirira m'mawa ndi madzulo ndi ife, mbande zikakula wozula ndi wina, ndipo ku okushoni dzina lathu silitchulidwa.

Chonsecho malamulo a FIFA nkhaniyi anaiganizira kale. Wosewera akagulitsidwa ali pa kontirakiti kuchoka ku timu ya dziko lina kupita ku ya dziko lina, 5 peresenti ya ndalama zogulira imapatulidwa kuti igawidwe kwa matimu onse amene anamulera kuyambira chaka chomwe anakwanitsa zaka 12 mpaka 23. Chaka chilichonse cha pakati pa 12 ndi 15 chimalandira 0.25 peresenti ya mtengo wonse, cha pakati pa 16 ndi 23 chimalandira 0.5 peresenti. Zikuoneka zochepa, koma tiyeni tiwerengere. Mnyamata atagulidwa pa madola 1,000,000, womwe ku Ulaya ndi mtengo wa wosewera wamba, timu imene inali naye zaka zinayi zoyambirirazo iyenera kulandira madola 10,000. Akagulitsidwanso kupita kwina, ilandiranso. Kwa Bullets, Wanderers kapena Silver zimenezo mwina sizingawadzidzimutse. Kwa timu ya kwa Kaduya kapena kwa Jenala ndi mipira, majezi ndi fizi ya ana kwa zaka zingapo.

Anzathu a ku Zambia njirayi akuidziwa. Kafue Celtic si timu ya mbiri ngati Nkana kapena Power Dynamos, koma ndi kumene anadzera Patson Daka ndi Enock Mwepu, anyamata amene anali m'timu ya Zambia yomwe inatenga chikho cha mu Africa cha osapitirira zaka 20 mu 2017. Onse awiri anapita ku Salzburg ku Austria, ndipo mu 2021 Daka anagulidwa ndi Leicester City, Mwepu ndi Brighton. Ku Senegal, Sadio Mané anachoka m'mudzi wa Bambali n'kudzera ku Génération Foot asanapite ku Metz. Pa malonda onse otsatira, dzina la timu yolera limakhala pa pepala.

Kuyambira Novembala 2022 FIFA ili ndi ofesi ku Paris imene imalandira ndalama zoterezi n'kuzitumiza yokha kwa matimu olera. Imayendera pasipoti ya wosewera ya pa kompyuta, yomwe imasonkhanitsa matimu onse amene mwanayo analembedwako kuyambira zaka 12. Makinawo sadziwa amene anagula nsapato zoyamba. Amawerenga zomwe bungwe la dziko linalowetsa, basi. Timu yosalembedwa, kwa iwo kulibe.

FAM ili nayo kale njira ya Mpira Connect yolembera osewera. Ndikupempha kuti itsike, ifike pa timu ya ana ya kumudzi, pa mtengo woti mphunzitsi wa pulayimale angaukwanitse, kapena ulere kumene kwa osapitirira zaka 15. Malamulo omwewo a FIFA amauzanso bungwe la dziko lililonse kuti likhale ndi njira yake yolipirira matimu olera pa malonda a m'dziko momwemo. Kwa ife apa ndiye pagona nkhani, chifukwa mwana wa kuno sadumpha kuchoka pa Nambazo kukatera ku Austria. Amayamba wapita ku Zomba kapena ku Blantyre. Lamulo limeneli lifike kwa ife lomveka, lolembedwa m'Chichewa, lotchula ndalama yake: timu ya mu Super League ikasainitsa mwana kontirakiti yake yoyamba, timu ya kumudzi ilandira zakuti pa chaka chilichonse chomwe inamusunga. Ngakhale itakhala mipira khumi ndi seti ya majezi, bola zikhale za lamulo, osati za chifundo cha bwana wa timu.

Mukatero mwasintha maganizo a kochi wa kumudzi popanda kumulalikira. Lero phindu lake lili pa kupambana Lamulungu likubwerali, n'chifukwa chake amabwereka a ndevu. Akadziwa kuti mwana wa zaka 12 amene akumuphunzitsa kuponda mpira ndiye chuma cha timu mawa, adzamuseweretsa, adzamusamalira bondo, adzalimbana ndi makolo kuti asamutumize ku nyanja ya Chilwa kukakoka makoka nthawi ya sukulu. Ndipo muonjezepo ichi: mwana wosakwana zaka 18 asasamutsidwe kupita ku timu ya kutali popanda kalata ya kholo ndi umboni wa sukulu imene akukapitiriza. Mwa ana zana amene amakwera minibasi ndi maloto a mpira, odzadya za mpirawo ndi owerengeka, ndipo otsalawo amabwerera kumudzi opanda MSCE, bondo litatupa. FIFA imaletsa kusamutsa mwana wosakwana zaka 18 kupita ku timu ya dziko lina, kupatula pa zifukwa zochepa, koma lamulolo limateteza mwana amene akudziwika. Ife tili m'malire ndi Mozambique, kumene munthu amawoloka pa njinga.

Mudzati ndalama zili kuti. Pansi pa ndondomeko ya FIFA Forward, bungwe la dziko lililonse likhoza kulandira mpaka madola 8 miliyoni pakati pa 2023 ndi 2026. Ndikudziwa kuti odikira ndalamazo ndi ambiri: Flames, Scorchers, oimbira, mabwalo. Koma kulemba ana sikufuna nyumba yosanja. Kukufuna foni ya intaneti, munthu mmodzi wophunzitsidwa pa zoni iliyonse, ndi masiku ochepa nyengo ya mpira ikamayamba. Sukulu zathu za pulayimale zinagawidwa kale m'mazoni, zoni iliyonse ili ndi TDC, malo okumanirana aphunzitsi, ndi mlangizi wake wa maphunziro, ndipo aphunzitsi a zamasewero amakumana kale kudzera ku Malawi Schools Sports Association.

Mazoni omwewo ndiwo angakhale maziko a ligi. Matimu asanu ndi atatu kapena khumi oyandikana, oyenderana pa njinga, azisewera sabata ndi sabata kuyambira mvula ikasiya mu Epulo mpaka Novembala, wogonja lero n'kudziwa kuti Loweruka likubwera aseweranso. Kochi amene sakuopa kutuluka amalola mwana kulakwitsa, ndipo mpira umaphunziridwa polakwitsa. Osapitirira zaka 13 azisewera pa theka la bwalo, asanu ndi awiri mbali iliyonse, ndi mpira wa saizi 4 ndi magoli aang'ono. Pa bwalo lalikulu mwana wa zaka 11 amathamanga ola lathunthu mpira n'kumukhudza mwa apo ndi apo, goloboyi wake ataima pansi pa mtanda umene sangaufikire ngakhale atalumpha. Wamphamvu akangomenya m'mwamba, chigoli. Pa bwalo laling'ono mpira umamupeza mphindi iliyonse, ndipo amakakamizika kuganiza. Ligi ya First Capital Bank ya osapitirira zaka 20, yoyendetsedwa ndi National Youth Football Association, yathandiza ndithu. Koma pa zaka 18 munthu sayamba kuphunzira kuimitsa mpira. Ofika kumeneko amakhala ataumbika kale, kapena ataonongeka kale ndi mpira wa bonanza.

Mu gulu lathu ku mpikisano wa 2009 ku Nigeria uja munali Spain, United States ndi United Arab Emirates, ndipo tinagonja masewero onse atatu. M'timu ya Spain munali Isco, Koke ndi Álvaro Morata. Atabwerera kwawo anapeza makochi, madokotala ndi ligi zowadikira sabata iliyonse, monga zinalili chiyambire ubwana wawo. Morata anadzanyamula chikho cha Euro 2024 ali kaputeni. Ife tinasangalala kuti tafika ku mpikisano wa osapitirira zaka 17 uja, ndipo pofika 2025 tinali tisanabwererekonso. Chaka chimenecho mpikisanowu unakulitsidwa kufika matimu 48, khumi a mu Africa, ndipo tsopano ukuchitika chaka ndi chaka ku Qatar. Zambia ndi Uganda zinapitako. Khomo latseguka kuposa kale, koma anyamata odzalowerapo zaka zikubwerazi lero akusewera chikulunga.

Za makochi ndinena mwachidule. Ambiri a ife timaphunzitsa mmene tinaphunzitsidwira: kuthamangitsa ana kuzungulira bwalo mpaka alefuke, kenako kuwagawa pawiri n'kuwaponyera mpira. Maphunziro a laisensi ya D akachitikira kutali, thiransipoti, malo ogona ndi fizi zimatha malipiro a mwezi. Pano pa Phalombe pali koleji ya aphunzitsi. Tumizani mlangizi mmodzi kuno pa holide m'malo moitanira gulu la anthu ku Blantyre. Ophunzira a pa kolejipo, amene mawa adzamwazikana m'sukulu za m'midzi, atatuluka ndi laisensi m'thumba, mwapeza makochi m'madera amene galimoto ya FAM singafike.

Ndikudziwa za akademi ya ku Luwinga ku Mzuzu, yomwe ikuyenda ndi ndondomeko ya FIFA yosaka luso yotsogozedwa ndi Arsène Wenger, ndiponso za Ascent Soccer ku Lilongwe, imene imaphatikiza mpira ndi sukulu ndipo yatumiza ana kukaphunzira kunja. Ndi ntchito yabwino. Koma akademi imatenga ana owerengeka, ndipo imatenga amene yawaona. Osankha osewera akabwera tsiku limodzi pa boma, amaona mwana amene anali ndi ndalama ya kabaza tsikulo. Wa ku Nkhulambe amamva mawa lake kuti kunabwera alendo. Pakanakhala ligi ndi kaundula, wosankhayo akanafika ali ndi mayina m'manja, a ana amene aonedwa nyengo yathunthu. Nawonso matimu a mu Super League, amene malamulo a laisensi amawauza kukhala ndi matimu a achinyamata, akanatha kugwirizana ndi zoni imodzi kapena ziwiri za kumudzi poyera, kutumizako mipira ndi kochi, m'malo mobwera mwakabisira ndi shuga.

Anansi athu a ku Mulanje anationetsa kuti timu ya kumudzi ikhoza kukwera. FOMO, timu imene inaphuka m'bungwe losamalira ana amasiye la Friends of Mulanje Orphans, inasewera mu Super League mu 2024, matimu akuluakulu n'kumabwera ku Mulanje. Inatuluka chaka chomwecho, zoona. Chomwe ndimatolapo ine n'chakuti kumbuyo kwa timuyo kunali bungwe lokhazikika, osati munthu mmodzi ndi thumba lake. Choncho polemba matimu athu mutikakamize ifenso: komiti ya anthu osachepera asanu, amayi alimo, kalata ya amfumu kapena ya ahedi yotsimikiza bwalo, buku la ndalama. Ena a ife tidzadandaula, chifukwa kuyendetsa timu wekha kumakoma, palibe wokufunsa kuti ya bonanza ija inapita kuti. Musatimvere. Timu imene masapota ake amenya woimbira, kapena imene yachedwetsa masewero a ana chifukwa chokumba mankhwala pagoli, ichotsedwe mapointi, ikabwereza ichotsedwe mu ligi.

Scorchers itatenga chikho cha COSAFA mu 2023, itagonjetsa Zambia 2-1 mu ndime yotsiriza, atsikana obwera ku bwalo langa anachuluka, ndipo makolo ena amene ankati mpira ndi wa anyamata anayamba kufewa. Koma mtsikana amasiya msanga. Akangotha msinkhu kunyumba amati wakula, ntchito zachuluka, ena n'kukwatiwa ngakhale malamulo a dziko kuyambira 2017 amaletsa ukwati wa osakwana zaka 18. Tinenenso zoona, makolo ena amaopa makochi, ndipo mantha awo si opanda pake. Mwamuna mmodzi, wosadziwika ku ofesi iliyonse, kutenga ana aakazi a eni kupita nawo kutali n'kubwera usiku, inunso simungalole. Kaundulayo alembe makochi, osati ana okha. Timu ya atsikana isayende popanda mayi wamkulu, ndipo pakhale nambala ya foni imene mwana kapena kholo lingaimbe kukanena, wolakwayo n'kufafanizidwa m'buku kuti asakayambitse timu ina ku zoni yoyandikana.

Za mabwalo ndikudziwa kuti eni nkhani ndi khonsolo ndi mafumu, koma mawu anu amamveka kuposa anga. Malo akuchepa, ndipo chaka chilichonse khasu limadyako mzere umodzi wa bwalo la sukulu, mpaka kona kumenyedwa munthu ataima m'chimanga. Namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anasiya mchenga ndi miyala ku Nkhulambe ndi madera ena, sukulu n'kusanduka misasa ya anthu othawa madzi, akuluakulu n'kumakumbukira Napolo wa ku Michesi wa 1991. Pokonzanso zinthu bwalo la mpira limabwera kumapeto, ndipo n'zomveka. Sitikupempha sitediyamu. Bwalo limodzi pa zoni iliyonse liyezedwe, liikidwe malire, likhale ndi magoli achitsulo okwiriridwa ndi simenti.

Mutasankhidwa ku Mzuzu mu Disembala 2023 munalonjeza kusintha mpira wa dziko lino. Ngati mukufuna boma loyeserapo, yambani ndi Phalombe. Ndi laling'ono, linangopatulidwa ku Mulanje mu 1998, msewu wa Zomba, Jali mpaka Chitakale umadutsa momwemu, ndipo munthu akhoza kunyamuka pa Chiwembe m'mawa n'kubwerera tsiku lomwelo. Uzani a Southern Region Football Association ndi komiti ya mpira ya boma lino atipatse tsiku. Ife tidzasonkhanitsa ana pa TDC, aliyense ndi kabuku kake ka kusikelo kapena chiphaso chobadwira, ahedi atabwera ndi kaundula wa sukulu, makolo ali pomwepo kuti asaine. Inu mubweretse foni, mafomu ndi munthu wodziwa kulowetsa mayina.

Ine wanu pa zamasewero,
Mphunzitsi komanso kochi wa timu ya ana,
Phalombe.